Njira Yolambalala Chiwindi

"Kalata ya kuchipatala ija ndikuifuna, alamu," anatero amake mapasa. "Ndingoiona basi, ndikubwezerani."

"Muione kuti mutani nayo? Zolemba za madokotala mumaziwerenga inu?"

"Ndikaonetsa odziwa kuwerenga."

A Kapitawo, mkulu wake wa mwamuna wake, anagwira thumba la jekete ngati kalatayo ingathawe. Anabwera molunjika kuchokera kuntchito, kufakitale ya njerwa, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo anakhala pampando wa mwini nyumba. Mlongo wawo, amene aliyense m'nyumbamo ankawatchula kuti azakhali potengera ana, anaima pakhomo la kukhitchini ndi mbale ya nyama m'manja.

Linali Lachitatu, pa 26 Malichi, 6 koloko madzulo. Wometa, mwamuna wa amake mapasa, anali atatha masiku asanu ndi anayi pakhomo chitulukireni m'chipatala. Anali kuchipinda, ali mtulo. Anagona kuyambira 9 koloko m'mawa.

"Munthu sagona chonchi," anatero amake mapasa. "Ndawagwedeza katatu. Akutsegula maso, kundimwetulira, n'kugonanso."

"Ndiye mukufuna azivina? Munthu anang'ambidwa pamimba."

"Masiku oyambirira ankadzuka. Ankafunsa za atsikana kusukulu. Anandikalipira kuti mashini awo ometera sindinawathire mafuta. Lero sanandikalipire ngakhale kamodzi."

"Enanu mumadandaula ngakhale zabwino," anatero azakhali.

A Kapitawo analoza mutu wawo. "Zonse zimene adokotala ananena zili muno. Atafunsa kuti mwini wodwala ndani, analowa mu ofesi ndani?"

"Munalowa ndinu."

"Eya."

"Ine ndinali pakhonde ndi zikwama. Kuyambira pa 4 mpaka pa 17 ndinkagona pansi, pambali pa bedi lawo. Beseni ndinkataya ndine. Tsiku lotuluka mwafika ndi jekete, mwasanduka mwini wodwala."

"Mlamu, pakamwa," anatero azakhali. "Ameneyu ndi magazi athu. Inu munamupeza ali kale ndi ndevu."

"Ndinawapeza ali ndi ndevu, inde. Koma magazi anuwo ndinakolopa ndine, katatu konse."

Sananame. Wometa anasanza magazi koyamba pa 11 Novembala, kasitomala ali pampando. Kachiwiri pa 8 Januwale. Kachitatu pa 19 Febuluwale, ndipo ulendo umenewo anakomoka. Madokotala anati likodzo la paubwana linaumitsa chiwindi chake. Magazi ochokera m'matumbo, amene amayenera kudutsa m'chiwindi, ankapeza njira yothina, n'kumakadzaza mitsempha ya kummero mpaka kuphulika. Kawiri konse madokotala anaimanga mitsemphayo ndi timphira, kawiri konse inaphulikanso. Pa 4 Malichi anamuchita opaleshoni. Analumikiza mtsempha wa kapamba ku mtsempha wa impso, kuti magazi ena azilambalala chiwindicho. Chichitireni opaleshoniyo sanasanzenso.

"Nanga botolo la mankhwala amadzi lija?" anafunsa amake mapasa.

"Lili pamwamba pa kabati, ndipo likhala pomwepo," anatero azakhali. "Masiku anayi mwana wa amayi anga akuthamangira kuchimbudzi atagwira chilonda. Simunkaona inu?"

"Ndinkaona."

"Adokotala anachita kuchenjeza," anatero a Kapitawo. "Anati, akatsegula m'mimba kawiri katatu pa tsiku. Ndinamva ndi makutu angawa. Ndiye anatseguladi. Tinasiya mankhwalawo, tinagula mapilitsi otseka m'mimba, m'mimba munatseka. Chalakwika n'chiyani?"

"Akatsegula, titani? Anawamaliza bwanji mawuwo?"

"Foni yanga inalira. Koma munthu wamkulu sachita kumutafunira chilichonse."

Amake mapasa nayenso anaona mmene mankhwalawo ankamuvutitsira mwamuna wake, ndipo Lachisanu pa 21, pamene azakhali ankakweza botolo pamwamba pa kabati, iye sanatsutse. Azakhali anadutsa ndi mbale ya nyama kulowera kuchipinda. Inali yachitatu tsiku limenelo. Nyama, iwo ankati, ndiyo ibwezeretsa magazi amene anatayika.

Lachisanu pa 28, cha m'ma 2 koloko masana, amake mapasa akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, anamva mashini ometera akulira.

Malo ometera anali chipinda cha kumaso, chokhala ndi khomo lakelake loyang'ana kumsewu. Sichinatsegulidwe kuyambira pa 19 Febuluwale. Anasiya zovala m'ndowa n'kudzera m'nyumba.

Khomo la kumsewu linali lotsegula. Dzuwa linalowa mpaka pakati pa simenti. Wometa anaima kumbuyo kwa mpando atavala malaya ake antchito chozondotsa, msoko uli kunja. Nsalu yofunda makasitomala anaimanga bwinobwino pa mtsamiro wa mpando. Pampandopo panalibe munthu. Mashini ankayenda m'malere, pang'onopang'ono, kuchokera pamene pangakhale khosi kukwera pamene pangakhale khutu.

"Weramani pang'ono," anatero Wometa. "Eya, choncho."

"Abambo a mapasa, mukutani?"

"Usandisokoneze, iwe. Ndingawacheke."

"Mukumeta ndani?"

"Abambo. Sukuwaona?"

Bambo ake anamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Wometa anazimitsa mashini, anatenga kaburashi, nayamba kusesa pa mtsamiro wa mpando mosamala.

"Akuti kumene aliko tsitsi limakulabe," anatero. "Koma kulibe wometa. Akuti anthu ali pamzere."

Anatenga kagalasi kakang'ono kuti aonetse kasitomala nkhongo. Atatambasula dzanja, dzanjalo linagwa lokha kuchokera m'mfundo, linadzukanso, linagwanso, ngati phiko la nkhuku yodulidwa khosi. Iye ankaliyang'ana ngati la munthu wina. Amake mapasa anayandikira n'kulandira kagalasiko. Mpweya wa mkamwa mwake unali ndi fungo limene sanalimvepo pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati wawo, fungo lotsekemera, la zipatso zoiwalika m'chikwama.

Wometa anakweza maso ku galasi lalikulu la pakhoma. Anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu mwaulemu.

"Awo auze adikire," ananong'oneza. "Ndimalize kaye abambo."

Azakhali anali atafika osamveka. Anathamangira kukhomo la kumsewu, analitseka, nakoka katani.

"Waona ndani? Wadutsa ndani?"

"Azakhali, tiyeni nawo kuchipatala."

"Akusanza magazi?"

"Ayi."

"Chilonda chatupa? Thupi latentha?"

"Ayi."

"Ndiye tikauza chiyani achipatala? Kuti akumeta akufa? Chipatala chinamaliza mbali yake, mlamu. Izi si zachipatala."

"Ndi zakuti?"

"Mudziwa ndinu amene mumagona naye chipinda chimodzi."

Madzulo a tsiku limenelo a Kapitawo anabwera ndi loko watsopano ndi nyundo. Anasamutsira mng'ono wawo kuchipinda chaching'ono cha kumbuyo, chimene chinali ndi zenera limodzi la zitsulo. Anati munthu wodziwika msewu wonse sangamaonedwe akulankhula ndi mipando. Amake mapasa ananenanso za chipatala. A Kapitawo anayankha kuti akambirana Lamulungu, monga banja.

Lamulungu pa 30, itakwana 3 koloko, anamutulutsa n'kumukhazika pabalaza. Anayenda ngati munthu wowoloka madzi, mwendo uliwonse kuukweza kwambiri. Atakhala pansi anaika manja pamaondo, ndipo zala zinkadumphadumpha zokha.

"Ndikufuna tonse timve," anatero a Kapitawo. "Pasadzakhale wonena kuti ndinapeka. Dzulo pobweretsa madzi osamba, mng'ono wangayu anandiuza zinazake." Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe, ine ndine ndani?"

"Achimwene."

"Awa?"

"Achemwali."

"Nanga awa?"

Wometa anayang'ana mkazi wake. Anayamba kumaso, anatsika mpaka kumapazi, anabwereranso kumaso. Kenako anadzuka pang'ono pampando, monga amachitira kukalowa mlendo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndine, abambo a mapasa."

"Amake mapasa atuluka. Mukhoza kuwadikira." Anakhalanso pansi, nayang'anitsitsa diresi lake. Mawu ake anatsika. "Achimwene, mayiwa abwera ndi ndani? Avala diresi la mkazi wanga."

"Ndi langa. Munandigulira ndinu."

"Amalowa kuchipinda kwathu. Amatsegula kabati. Akudziwa pamene timaika chilichonse." Analankhula modekha, mopanda mkwiyo. "Auzeni achoke, achimwene. Mkazi wanga akawapeza pano pakhala nkhani."

Kumsewu kunadutsa wogulitsa makala akuimba belu la njinga.

"Mwamva nokha," anatero a Kapitawo.

"Ndamva munthu wodwala."

"Wodwala amene akudziwa mkulu wake, akudziwa mlongo wake, koma inu nokha ayi? Matenda ake osankha anthu ndi ati?"

"Lachisanu ankameta bambo anu. Nawonso muwathamangitsa?"

"Mlamu, sindikuseka nanu. Sindikunena kuti mwachita kanthu. Ndikuti thupi la munthu limadziwa chimene chikulizunza, ngakhale pakamwa patasokonekera. Mwini nyumba walankhula. Mupite kaye kwa abale anu mpaka zinthu zidziwike."

"Akawasambitsa ndani?"

"Asanakwatire ankanunkha?" anatero azakhali, koma maso anali pansi.

Amake mapasa analongedza chikwama chimodzi. Diresi lija anavula n'kulisiya pabedi, anavala lina. Potuluka anadzera kumbali kwa nyumba. A Kapitawo anali atamubwezera kale Wometa m'chipinda chija, ndipo Wometayo anaima pazenera, dzanja limodzi atalitulutsa pakati pa zitsulo. Dzanjalo linkagwa ndi kudzuka, kugwa ndi kudzuka. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anaganiza kuti akutsanzika, ndipo nayenso anabayibitsa.

Amake mapasa anakagona kwa mng'ono wake, kutsidya kwa njanji. Lolemba pa 31 anapita kuchipatala, koma mlonda wa pageti anamubweza chifukwa analibe kalata, analibe wodwala, ndipo nthawi yoona odwala inali itadutsa. Lachiwiri pa 1 Epulo anafika 11 koloko, anadikira mpaka 12, nalowa pamodzi ndi onyamula zakudya. Anakwera masitepe mpaka kuwodi ya amuna ochitidwa opaleshoni. Namwino wamkulu anali pa tebulo lake akulemba.

"A bedi 14," anatero namwinoyo asanapatsidwe moni. "Amene munkatikolopera wodi ngati tinakulembani ntchito. Wometa wathu ali bwanji? Analonjeza kudzameta alonda onse ulere."

"Sisitala, mutu wawo wasokonekera."

Namwino anaika cholembera pansi. "Khalani apa. Fotokozani."

Anafotokoza za tulo ta masana, za mpando wopanda munthu, za galasi, za Lamulungu. Namwino sanadabwe ndi chilichonse.

"Kuchimbudzi akupita kangati pa tsiku?"

"Sisitala, ine ndikunena za mutu."

"Ndamva. Kuchimbudzi kangati?"

"Mmene ndinkachoka, anali asanapite chipitireni pa 23."

"Manja akutere?" Namwino anatambasula dzanja lake, naligwetsa, nalidzutsa.

"Ndendende."

"Mkamwa mukununkhira zotsekemera?"

"Munawaona kuti?"

"Mankhwala amadzi aja akumwa?"

"Anasiya pa 21. Ankawatsegula m'mimba. Alamu anga anati adokotala anachenjeza kuti akatsegula kawiri katatu pa tsiku..."

"Akatsegula?"

"Anatero."

Namwino anatseka maso kwa kanthawi. "Azitsegula, mayi. Azitsegula m'mimba kawiri kapena katatu tsiku lililonse. Ndiyo ntchito ya mankhwala amenewo. Ndinali momwemo adokotala akulankhula. Bambo aja ankayang'ana foni."

"Anawagulira mapilitsi otseka."

"Ndipo anamwa?"

"Masiku atatu."

"Akudya chiyani?"

"Nyama. M'mawa, masana, madzulo. Akuti ibwezeretse magazi."

Namwino anakoka pepala, najambula kabokosi ndi mizere iwiri, umodzi wolowa m'kabokosimo, wina wodutsa pambali.

"Ichi ndi chiwindi. Ntchito yake ndi kusefa. Zoipa zochokera m'matumbo chimazigwira zisanafike kwina. Amuna anu tinawapangira njira iyi yapambali kuti mitsempha ya kummero isaphulikenso, ndipo yagwira ntchito. Koma magazi odzera apa sasefedwa. Chimbudzi chikakhalitsa m'mimba, zoipazo zimachuluka, zimalowa m'magazi, zimakafika ku ubongo. Nyama yambiri nthawi imodzi imawonjezera. Munthu amayamba kugona masana. Kenako amasokoneza anthu. Kenako amagona osadzuka."

"Ndiye si misala?"

"Si misala. Si munthu wawachita. Ndi chimbudzi cha masiku asanu ndi anayi."

Amake mapasa anaseka kamodzi, kuseka kouma, kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Bwanji simunandiuze ine, sisitala? Ndinali pakhonde pomwepo."

Namwino anamuyang'ana m'maso. "Tinafunsa mwini wodwala. Anaimirira wa jekete. Ine ndinkakudziwani, ndinakuonani muli ndi zikwama, ndipo sindinakuitaneni. Pamenepo ndinalakwa ndine." Anang'amba pepala lina, nalembapo, nadindapo chidindo. "Ichi muonetse pageti. Mubwere nawo lero. Ndikuti lero, osati mawa m'mawa."

Itakwana 2 koloko, takisi inaima pakhomo. Amake mapasa anauza woyendetsa kuti asazimitse injini. M'nyumba munali chete. Anapeza azakhali atakhala pansi m'kanjira ka kumbuyo, atatsamira chitseko chokhoma chija, miyendo atatambasula. Maso awo anali otupa.

"Mwabwereranji?" anafunsa, koma sanadzuke.

"Kiyi ali kuti?"

"Ali ndi achimwene. Amatsegula m'mawa popita kuntchito, ndi madzulo pobwera."

"Adya?"

"Lamulungu usiku anaimba nyimbo za kusukulu. Dzulo ankaitana makasitomala mayina, mmodzimmodzi, ena oti tinakaika kale. Ndinkamuyankha kunoko kuti asaone ngati ali yekha." Azakhali analoza chitseko. "Lero sanalankhule. Achimwene anati wagona, ndi bwino, apume. Tamvani."

Amake mapasa anaika khutu pachitseko. Mkati munkamveka kupuma kokoka, kwakuya. Kunkaima, munthu n'kuwerenga mpaka sikisi, kenako n'kuyambanso.

"Ndachokera kuchipatala," anatero. "Mawu aja anali akuti azitsegula. Mankhwala aja ntchito yake ndi yomweyo, kuchotsa zoipa zisanapite kumutu. Alamu anamva theka."

Azakhali anayang'ana kukhoma, kumene kuseri kwake kunali kabati.

"Botolo ndinakweza ndine."

"Ine ndinaonerera."

"Mapilitsi ndinakagula ndine. Nyama ndinkachita kumukakamiza, iye akukana. Ndinamulera ameneyu, mlamu. Amayi akudwala ndinkamubereka kumbuyo popita kusukulu."

"Zimenezo mudzandiuza m'galimoto. Imbirani alamu."

A Kapitawo anayankha foni kachitatu. Kumbuyo kwawo kunkamveka mashini a fakitale. Azakhali anafotokoza, akubwereza mawu awiri aja kangapo.

"Wakuuza ndani zimenezo?" mawu a a Kapitawo anamveka m'kanjira monse. "Mkazi yemwe uja? Ali pamenepo? Ndinati asaponde pakhomopo."

"Ali ndi pepala la chidindo, achimwene."

"Chidindo amasema ndi mbatata. Ndiweruka 5 koloko. Loko ameneyo asakhudzidwe."

"Akupuma moipa."

"Ndinali mu ofesi ndine kapena iwe?"

Azakhali anayang'ana foni, kenako anaizimitsa n'kuiika pansi mosamala. Anadzuka, anatuluka panja opanda nsapato, nabwerera ndi chitsulo chomasulira matayala, woyendetsa takisi akuwatsatira. Amake mapasa anatambasula dzanja kuti alandire.

"Ayi," anatero azakhali. "Mukathyola inu adzati mwaba. Ndithyole ine."

Misomali inazuka ulendo wachitatu.

Fungo lija linali litadzaza chipinda. Wometa anagona chagada pasimenti, pambali pa matiresi, atavala nsapato, thaulo lili paphewa monga amachitira pantchito. M'mphepete mwa khoma munali mbale zinayi za nyama yosakhudzidwa. Anazindandalika mofanana, iliyonse ndi supuni yake kumanja, ndipo patsogolo pa mbale iliyonse anayalapo kansalu. Ntchentche zinali pa zonse zinayi. Maso ake anali otsegula theka. Amake mapasa anamuitana, anamugwedeza, anamutsina pachala. Dzanja linasuntha pang'ono, basi.

"Mayi, ameneyu ndi wamoyo?" anafunsa woyendetsa takisi. "Galimoto yanga sinyamula maliro."

"Gwirani miyendo," anatero amake mapasa.

Anafika kuchipatala 3 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Anamulowetsa kapaipi m'mphuno kuti mankhwala amadzi aja afike m'mimba, ndipo ena anamupopera kumusi. Ntchito yotsatira inali ya mabeseni ndi nsalu, ndipo amake mapasa ndi azakhali anaigwira mosinthana, osalankhulana zambiri. Lachitatu anayamba kukankha dzanja la namwino. Lachinayi pa 3 anatsegula maso, nayang'ana denga tsiku lonse.

A Kapitawo anabwera Lachinayi lomwelo, nthawi yoona odwala. Anaima kumiyendo kwa bedi, manja ali m'matumba.

"Madokotala a masiku ano amalankhula ngati akuthamangitsidwa," anatero. "Komabe tithokoze kuti tinabwera naye msanga."

Anakhala mphindi khumi ndi zisanu, anafunsa azakhali kuti chitseko chija akonza ndani, nachoka.

Lachisanu pa 4 Epulo, cha m'ma 7 koloko m'mawa, amake mapasa akufinya thaulo, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Iwe, mashini aja unathira mafuta?"

Sanatembenuke msanga. Anamaliza kufinya, anayanika thaulo pachitsulo cha bedi, kenako anakhala pampando.

"Ndine ndani?"

"Funso lanji limenelo? Wayamba kumwa?"

Dokotala anadutsa 9 koloko. Anamuuza kuti atambasule manja. Ankanjenjemerabe, koma sankagwa. Anamufunsa tsiku, ndipo Wometa anaphonya ndi masabata awiri. Kenako dokotalayo anakoka mpando, nalankhula akuyang'ana onse awiri. Anati zimene zinachitikazi zikhoza kubweranso, ngakhale akumwa mankhwala bwinobwino: akadzimbidwa, akadwala malungo, akataya madzi m'thupi. Anati njira ija ikhoza kuchepetsedwa kapena kutsekedwa zikanyanya, koma akatero magazi akhoza kuyambiranso kummero. Anauza amake mapasa kuti abwereze zonse, ndipo anabwereza osaphonya.

Dokotala atachoka, Wometa anatembenukira kwa mkazi wake.

"Chikwama chako chili kwa mng'ono wako," anatero. "Achemwali andiuza uli kokataya madzi."

"Anafulumira."

"Ndinanenadi?"

"Munanena."

"Pamaso pa anthu?"

"Pamaso pa alamu ndi azakhali. Mwaulemu kwambiri. Munandipatsa moni."

"Ndikukumbuka diresi," anatero. "Ndikukumbuka ndikuliyang'ana, ndikudziwa kuti ndi lako. Nkhope ndi imene inkakana kukhala pamalo pake." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. "Ndipo anandimvera."

"Anati mwini nyumba walankhula."

"Ndikumeta mpando sanandimvere. Pamenepa pokha." Anayang'ana pakabati ka pambali pa bedi. "Foni yako imajambula mawu?"

"Imajambula."

"Yatsa."

Anadzikweza pamtsamiro, anakonza kolala ya malaya a chipatala, nadikira kuti wodwala wa bedi loyandikana amalize kutsokomola.

"Lero ndi Lachisanu, pa 4 Epulo. Andiuza, ndipo ndavomereza. Ndine bambo a mapasa, wometa, ndili bwinobwino m'mutu. Achimwene, achemwali, ndi aliyense amene adzamve. Mayi ali ndi foniyi ndi mkazi wanga. Ndikadzanenanso kuti sindikumudziwa, musadzandimvere. Ndikadzati achoke, asadzachoke. Ndikadzakana mankhwala, iye ndiye adzanene chochita, ndipo madokotala azilankhula ndi iye. Musadzanditsekere." Anadziloza pachifuwa. "Ndi iwenso, amene udzakhale pabedi tsiku limenelo. Udzamva mawu awa, udzati si ako. Ndi ako. Usadzavute. Udzamwe." Anagwedeza mutu. "Basi, zimitsa."

Amake mapasa anazimitsa.

"Tabwezera ndimve."

Anaika foni pafupi ndi khutu lake. Mawu anatuluka aang'ono, okhuthala pang'ono, kutsokomola kwa bedi lina kukumveka patali. Wometa anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa zala zake, zimene zinali zitayambanso kudumpha pang'ono pa bulangete.

"Akulankhula zanzeru bamboyu," anatero. "Umusunge bwino. Sindikudziwa kuti akhala nafe masiku angati."